Diso la chambo

Mayi anga sataya kanthu. Mwezi wathawu, tikuwasamutsa ku Ndirande kuti azikakhala ndi mlongo wanga ku Chilomoni, tinatsegula chisutikesi chachitsulo chomwe chakhala kunsi kwa bedi lawo chibadwire changa. Munali malipoti athu akusukulu, makadi akusikelo, makalata aubatizo, ndipo pansi penipeni, m'envulopu yakhaki, munali kadiski kakuda kamakona anayi, kaja tinkati fulope. Pakapepala kake panalembedwa liwu limodzi ndi bolopeni yabuluu: CHAMBO.

Zilembozo si zanga. Zanga zimapendekeka ngati chimanga chowombedwa ndi mphepo. Izi zinaima chilili, zamsinkhu umodzi, C ndi O zitasefukira pang'ono pamzere monga amachitira anthu odziwa kulemba zikwangwani. Nditangoziona ndinakhala pansi pa matilesi omwe tinali titakulunga kale, mpaka mlongo wanga anachita kundikuwira kuti galimoto ikudikira panja.

## Kompyuta yofunda nsalu

Inabwera mu 2001, ine ndili fomu 2. Ofesi yomwe bambo ankagwirako ukalaliki inagula makompyuta atsopano, akale nkuwagulitsa kwa antchito, ndalama azidula pamalipiro mwezi ndi mwezi. Bambo anabwera nayo pa takisi, chisikirini chachimimba kumbuyo atachifungatira pamiyendo ngati mwana wodwala. Mayi anaiika pakona ya pabalaza nkuifunditsa nsalu yoluka yomwe kale inkafunda wailesi. Lamulo linali limodzi: kumwamba kukayamba kugunda, zulani chingwe pakhoma.

Inali ya Windows 98. Intaneti panalibe, pulinta panalibe. Bambo ankati ndi yophunzirira kutayipa kuti tidzapeze ntchito, ndipo masabata awiri oyamba tinatayipadi. Kenako tsiku lina ndinalondola kanjira kaja, Start, Programs, Accessories, mpaka pa pulogalamu yojambulira ya Paint, ndipo za kutayipa zinathera pomwepo.

Amene munaigwirako mukuikumbuka. Pepala loyera mbee pakati, kumanzere tizida 16 titandandalikidwa tiwiritiwiri, kumunsi timabokosi 28 ta mitundu. Pensulo, burashi, chofufutira, kachitini kopopera komwe kankamwaza timadontho ngati mvula yowaza, galasi lokulitsira, ndi kandowa kopendekeka kakutayika penti. Kandowako ndiko kanandidya mtima. Ujambule bwalo, ugogode kamodzi m'kati mwake, lonse lafiira psuu, osadontha, osanunkha, osadikira kuti liume. Ukagwira batani la Shift mzere umawongoka wokha, bwalo nkutuluka lobulungira ngati mwezi wathunthu. Mbendera yathu ndinaijambula kosawerengeka, ngakhale kuti mizere 31 ya dzuwa lotuluka sindinaikwanitsepo. Ndinkathera pa 12 kapena 13, ina yaitali ina yaifupi, dzuwa nkuoneka ngati kanungu.

Mausi yake inali ya kampira kolemera kunsi. Kakatola fumbi la ku Ndirande, kamuvi ka pasikirini kankadumphadumpha, ndiye unkayenera kutsegula kachivindikiro, kutulutsa kampirako, nkukanda litsiro ndi chikhadabo. Agogo atauzidwa kuti dzina la chipangizochi limatanthauza mbewa, anachitembenuza, kuchinunkhiza, nkunena kuti azungu sadziwa mbewa.

## Amalume

Amalume anga, achimwene awo a mayi, anali olemba zikwangwani. Ngati munayendapo mumsika wa Ndirande kapena wa Limbe zaka zimenezo, ntchito yawo munaiona osadziwa mwini wake: mitu ya anyamata yometedwa masitayelo osiyanasiyana pakhoma la babashopu, nkhuku yonenepa pagolosale, chitsononkho cha chimanga pachigayo, ndi mawu aja osatha fasho akuti ngongole ndi mawa. Ankayenda panjinga, kumbuyo atamangirira katoni ya zitini za penti, maburashi okulunga m'nsanza, botolo la palafini, choko ndi chingwe. Zikhadabo zawo sizinkayera ngakhale pa Khirisimasi.

Ndili wamng'ono ndinkawagwirira makwerero, ndipo ndinkawaona ngati munthu wamatsenga. Koma pofika fomu 2 ndinali nditayamba kuchita nawo manyazi. Malaya awo amadonthomadontho, Chingerezi chawo chopunduka chomwe nthawi zina chinkakwera nawo pakhoma. Mumtima ndinkati tsobola wakale sawawa. Kompyuta itabwera ndinapeza umboni.

## Nsomba yomira

Loweruka lina madzulo anafika kunyumba atatopa, nkukhala pakhonde akumwa thobwa. Anati apeza ntchito ku Limbe: mwini malo odyera akufuna chambo chachikulu pakhoma loyang'ana kumsewu, chotalika kuposa munthu atagona. Masiku atatu, iwo anatero, ngati mvula siivuta.

Ine ndinati, "Amalume, chambo chimenecho ine mphindi khumi ndamaliza, penti ndi zonse."

Anandiyang'ana, nkuika kapu pansi. "Ndiye tiyeni tikaone, bwana."

Tinavundukula nsalu ija. Kumbuyo kwa mpando wanga kunadzaza: mayi ndi chipande m'manja, azilongo anga awiri, mwana wa aneba yemwe sankachoka pakhomo pathu chibwerere kompyuta. Ndinatenga pensulo nkuzungulira, kuyambira kumchira, kudutsa pamsana, kutsikira kukamwa, kubwerera chakumimba. Kunena zoona chinatuluka chinkafanana kwambiri ndi mbatata yamchira, koma ndinadziwa kuti mitundu ikalowa aliyense aiwala. Ndinasankha buluu, kutenga kandowa kanga, nkugogoda kunja kwa nsomba kuti ikhale nyanja.

Sikirini yonse inasanduka buluu. Nyanja buluu, nsomba buluu, kwangotsala kamzere kakuda kakuyandama.

"Nsomba yamira!" anakuwa mlongo wanga wamng'ono, ndipo pabalaza panagwa phwete.

Ndinabweza msangamsanga, kuyesanso. Chimodzimodzi. Ndinayesa kuthira imvi m'kati mwa nsomba, imviyo nkutuluka kukadzaza nyanja. Thukuta linayamba kuyenderera m'khosi. Ndinati kompyuta yasokonekera, mwina ndi magetsi.

Amalume okha ndiwo sanaseke. Anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, fungo la palafini nkundikuta.

"Siinasokonekere iyi. Mpanda wako uli ndi pobowoka. Mbuzi yalowera penapake."

Chala chawo, chokhala ndi penti wofiira m'chikhadabo, chinayamba kulondola mzere wanga osakhudza galasi. Sichinachedwe pamsana, sichinachedwe kukamwa. Chinakaima kumchira.

"Apa. Unanyamukira apa, nkudzatsikira apa, koma mizere iwiriyi sinapatsane moni."

Ine sindinkaona kanthu. Ndinatenga galasi lokulitsira, kusankha 8, ndipo mzere wanga wosalala uja unasanduka masitepe a timabokosi takuda, ngati njerwa zosanja. Pamalo pomwe ankaloza, njerwa imodzi panalibe. Imodzi yokha.

Lero ndimadziwa momwe kandowa kaja kamagwirira ntchito. Kamapaka kabokosi komwe wagogoda, kenako kamayang'ana anansi ake anayi, wakumwamba, wapansi, wakumanzere ndi wakumanja. Aliyense yemwe ali ndi mtundu wofanana ndi womwe unalipo amapakidwa, nayenso nkukayang'ana anansi ake, mpaka kukagunda mtundu wina. Kalibe maso oti kadziwe kuti ichi ndi chambo, iyi ndi nyanja. Kakapeza khomo la kabokosi kamodzi kamadutsa, dziko lonse nkumira. Tsiku limenelo zonsezi sindinkazidziwa. Ndinangofunsa kuti, "Mwadziwa bwanji, amalume?"

"Penti ndi penti," iwo anatero. "Denga la malata silidontha pakati. Limadontha polumikiza."

## Kukhululuka katatu

Chomwe chinawazunguza iwo chinali china. Anandifunsa komwe buluu uja wapita. Ndinawaonetsa Ctrl ndi Z. Ndinakhwatcha mzere woipa dala, kudina, mzere nkuzimiririka, pepala nkutsala loyera ngati silinakhudzidwepo.

"Tachitanso."

Ndinachitanso. Anafunsa kuti ungabwerere m'mbuyo mpaka pati. Paint ya nthawi imeneyo inkabweza katatu kokha, kulakwa kwachinayi kunali kwako.

"Katatu basi? Ameneyu si wa mpingo wathu," anatero, ndipo mayi anaseka mpaka kugwira khoma.

Koma iwo anakhala duu kwa kanthawi. Kenako anafotokoza, osayang'ana munthu, kuti pakhoma ukadumpha chilembo chimodzi umadikira penti aume, upake woyera, udikire, upakenso kachiwiri chifukwa wofiira amaonekerabe pansi, ndiye ulembenso. Tsiku lathunthu lapita, ndipo penti woyerayo ndi wa m'thumba mwako. Nchifukwa chake, anati, burashi siikhudza khoma usanawerenge zilembo katatu ndi chala.

Atatero anati ndiwapatse mpando.

Apa ndi pomwe ndimafuna nkhani ikanathera pena. Mausi anaigwira ngati burashi, ndi zala zitatu kuchokera pamwamba. Akafuna kukoka mzere ankainyamula m'mwamba, kamuvi nkuima. Akaiika pansi inkaterereka. Dzanja lomwe linkatha kukoka mzere wowongoka kuchokera kuno kwa khoma mpaka uko, ataima pamakwerero, mphepo ikuwomba, linalemba A wonga mwendo wa dzombe. Azilongo anga anaseka. Mwana wa aneba anaseka. Ine ndinaseka kuposa onse, chifukwa manyazi a nsomba yomira anali akundiwotchabe ndipo ndinkafuna powatula. Ndinati, "Amalume, izi si za akuluakulu."

Mayi anandiponya diso lomwe mpaka lero ndikalikumbukira ndimawongola msana. Amalume sanayankhe. Anangoti, "Tabweretsanso timabokosi tija."

## Timabokosi

Ndinakulitsanso ka 8, nkudina Ctrl ndi G, zomwe zimatulutsa mizere yopyapyala yolekanitsa kabokosi kalikonse ndi kanzake. Amalume anapisa m'thumba la malaya, kutulutsa pepala lopindapinda, kulitambasula patebulo. Panali chambo cha ku Limbe chija, chojambulidwa ndi pensulo, ndipo pamwamba pake panadutsa mizere yoimirira ndi yopingasa, pepala lonse timabokosi tokhatokha.

Ndinali nditawagwirira makwerero kambirimbiri, koma ndinali ndisanafunsepo chifukwa chomwe ankapakira choko pachingwe, kuchikunga pakhoma, nkuchikoka ngati uta kuti chisiye mzere. Umu ndi momwe kachithunzi ka papepala kamakulira nkudzaza khoma: kabokosi kakang'ono papepala, bokosi lalikulu pakhoma, zomwe zili mu ili uzisamutsire mu ilo. Munthu yemwe ndinkati wabwera kudziko lachilendo anali atafika kwawo.

Anasiya zokoka mizere. Anayamba kugogoda kamodzikamodzi, kabokosi kamodzi pa nthawi, pomwe payenera kukhala diso la nsomba yanga. Pamenepa dzanja silifunika kuyenda mosalala, limangofunika kudziwa kuti kabokosi kati, mtundu uti. Anayala akuda pakati. Anazunguliza imvi yoderako, kenako chikasu chozilala, kenako imvi ina. Akalakwitsa sankandipempha kuti ndibweze, ankangopaka pamwamba monga anazolowera. Azilongo anga anatopa nkupita. Mayi anaitana kawiri kuti nsima ikuzizira. Pomaliza anasankha woyera, kuganiza nthawi yaitali, nkuika kabokosi kamodzi kumtunda chakumanzere kwa kakuda kaja.

"Bweza kukula kwake tione."

Mbatata yanga inali ikundiyang'ana. Diso lonyowa, lowala, la nsomba yomwe yangotuluka kumene m'khoka. Thupi lonse linali bodza la mwana wa fomu 2, koma disolo linali lamoyo.

Patapita zaka zambiri ndinadzawerenga za Susan Kare, mayi yemwe anajambula tizithunzi ta pasikirini ya kompyuta yoyamba ya Macintosh, yomwe inatuluka mu 1984. Asanagwire makinawo anagula kope la timabokosi, nkumadetsa kabokosi kamodzikamodzi ndi dzanja, mabokosi 32 m'litali ndi 32 m'lifupi. Kandowa kotayika penti ka mu MacPaint, pulogalamu yomwe analemba Bill Atkinson, nkochokera m'manja mwake, ndipo MacPaint inali ndi njira yakeyake yokulitsira kuti uzikonza kadontho kamodzikamodzi, yotchedwa FatBits. Mitundu inali iwiri basi, wakuda ndi woyera. Paint yathuyi inabwera chaka chotsatira, mu 1985, pamodzi ndi Windows yoyamba, yochokera ku pulogalamu ya kampani ya ZSoft yotchedwa PC Paintbrush. Nditaona zithunzi za kope la mayi uja, chomwe chinandibwerera m'maso ndi pepala lopindapinda la amalume, lokhala ndi chidindo cha chala cha penti pakona.

Usiku umenewo, atasamba m'manja, anafunsa kuti, "Nanga ndichinyamula bwanji?"

Pulinta panalibe. Ndinatenga fulope imodzi mwa zomwe bambo anabwera nazo. Chithunzicho chinali cha timabokosi 800 m'litali ndi 600 m'lifupi, onse pamodzi 480,000, ndipo Paint inkasunga kabokosi kalikonse pakokha, ngakhale tonse ta nyanja tili buluu mmodzimodzi. Chambo chimodzi chinatsala pang'ono kudzaza diski yonse ya 1.44 MB. Kompyuta inalira kwee kwee kwa kanthawi, kenako zii. Amalume analemba dzina pakapepala, kuika diskiyo m'thumba la malaya, kuitulutsanso, nkuipereka kwa mayi.

"Sungani ndinu, achemwali. Kwanga kulibe poitsegulira."

## Mabanala

Kompyuta ija inafa ndi chiphaliwali tsiku lomwe tonse tinali kutchalitchi ndipo palibe anakumbukira kuzula chingwe. Koma ine inali itandilowa kale. Lero ndimadya za pasikirini. Ndimakonza makadi aukwati, mapulogalamu a maliro, makalendala ndi mabanala pa pulogalamu ya CorelDRAW, m'kashopu kena ku Limbe komweko.

Makina osindikiza mabanala atachuluka m'tauni, ntchito ya amalume inayamba kuuma ngati chitsime cha mu Okutobala. Mwini babashopu sankafunanso kudikira masiku atatu mitu yojambula pamanja pomwe mawa lomwelo atha kupachika zithunzi zenizeni za oimba a ku America. Makoma aakulu otsatsa malonda ankapakidwabe, koma ankapita kwa magulu a anyamata okhala ndi makontrakiti, osati kwa bambo mmodzi wapanjinga. Tsiku lina ndinakonza banala la babashopu ina ya ku Ndirande, ndipo nditadutsako ndinapeza alikhomera pamwamba pa mitu isanu yomwe ndinagwirira makwerero ikujambulidwa. Khutu la mutu umodzi linkasuzumira m'mphepete mwa banalalo. Sindinawauze. Ndikukhulupirira anaona okha, chifukwa njira yawo inali yomweyo.

Anabwerera kumudzi ku Chiradzulu, komwe akulima nandolo, maso atayamba kuchita ng'ala. Ineyo masiku ano makasitomala amabwera ndi zinthu atakonza kale pafoni, nkungoti ndisindikize. Chaona mnzako chapita, paja amatero.

Mu 2017 Microsoft, kampani yopanga Windows, itaika Paint pamndandanda wa zinthu zomwe siizipititsanso patsogolo, anthu padziko lonse anadandaula mpaka kampaniyo inanena kuti pulogalamuyo ikhalapobe. Ilipodi mpaka pano, ndipo mu 2023 anaiwonjezera zoti uzitha kusanja zithunzi china pamwamba pa chinzake. Ndinaitsegula kamodzi, ndinaitseka. Yakula, yavala suti, sitikudziwananso.

## Kwee kwee

Fulope ija inakhala sabata yathunthu patebulo langa ndikuiopa. Chomwe chinandilimbitsa mtima ndi nkhani ya Andy Warhol, katswiri wojambula zithunzi wa ku America. Mu Julaye 1985, kampani ya Commodore ikuonetsa kompyuta yake ya Amiga ku Lincoln Center mumzinda wa New York, anamukhazika pamaso pa anthu kuti ajambule woimba Debbie Harry, ndipo chida chomwe anadalira kwambiri chinali chothira mitundu ngati kandowa kathu komweka. Zithunzi zina zomwe anajambula pa Amiga zinagona m'mafulope zaka pafupifupi 30, mpaka mu 2014 pomwe zinalengezedwa kuti gulu la okonda makompyuta la pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh lazitulutsa. Ndinati ngati za Warhol zinadzuka, chambo cha amalume chilekerenji.

Mnzanga wina wokonza makompyuta ali ndi kachipangizo kowerenga mafulope kolumikiza pa USB. Titalowetsa diskiyo ndinamva kulira kuja, kwee kwee, ndipo tsitsi linandiimirira. Ulendo woyamba inakana. Wachiwiri inakana. Mnzangayo anaiyesa ndi pulogalamu ina yomwe imadumpha malo owonongeka nkutola zotsala, ndipo patatha theka la ola chithunzi chinatseguka. Timizere takuda tingapo tadutsa m'nyanja ndi pamimba pa nsomba, pomwe diski inadyeka. Mbatata ndi yoipa kuposa momwe ndinkaikumbukira. Diso lili bwinobwino.

Ndinachisindikiza pamakina a mabanala omwewo, chachikulu ngati chitseko, nditaletsa pulogalamu kusalaza m'mphepete kuti timabokosi tioneke monga tinalili. Loweruka lapitali ndinakwera nacho minibasi mpaka ku Chiradzulu. Ndinali nditakonza mawu opepesa njira yonse, kuyambira pa siteji ya Limbe, koma nditachitambasula pabwalo, nkhuku zikuthawa, mawuwo anauma kukhosi.

Amalume anagwada, nkhope pafupi ndi banalalo monga anachitira pagalasi tsiku lija. Chala chinayenda mpaka padiso, nkuyamba kuwerenga timabokosi, milomo ikugwedera. Chinaima pa koyera kaja.

"Aka kanayenera kukhala kamodzi kumanja," anatero. "Ndinaona tsiku lomwelo, koma nsima inkazizira."

Anadzuka, kusasa fumbi m'mawondo, nkuyang'ana nsomba yonse kuyambira kukamwa mpaka kumchira.

"Diso ndi langa. Koma mbatatayi usamauze anthu kuti ndi ya kubanja kwathu."

Azakhali anafunsa ngati chinsalucho chimalowa madzi. Nditati ayi, anati chabwino, chifukwa mkeka woyanikira ufa unang'ambika. Pomwe ndinkatsanzika masana, chambo chinali chitagona chagada padzuwa, ufa woyera utachikwirira mpaka m'khosi.